Mbaula ya Amalume Ili pa Tchuthi

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kumenyetsa foni yanga kukhoma. Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale kuti mtima wanga uli pafupi, ndipo sindinayambe ndabisapo. Koma ulendo uno sanandiyambe ndi anthu a magetsi kapena kondakitala wamwano. Anandiyamba ndi abale anga enieni, obadwa nawo mimba imodzi.

Amene anandigwira dzanja ndi mwana wanga wamkazi, Tikambenji, wa Giredi 11.

Choncho lero ndilemba monyada. Ngati simukonda kumva bambo akutama mwana wake, tsamba la mpira lili kumapetoko, pitani.

Tili ndi amalume athu ku Chelstone, a Mbewe, mlongo wawo wa malemu amayi. Anabwera mu Lusaka kuchokera ku Katete ife tisanabadwe, nagwira ntchito yomasulira mawu m'khoti mpaka kupuma. Akazi awo anatisiya, mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Kitwe. Amakhala okha m'nyumba ya mpanda, iwo, wailesi ndi mtengo wa mapeyala. Ndi munthu amene chibadwire sanapemphepo mchere kwa mnansi. Akhoza kumwa tiyi wopanda shuga mwezi wathunthu n'kumakuuza kuti shuga amawononga mano.

Banja lathu lili ndi gulu pa foni, lija mukulidziwa, lomwe ntchito yake ndi kutumizirana mavesi m'mamawa ndi zithunzi za makeke. Amalume salemba, amati zilembo za pa foni anazipangira nyerere. Amajambula mawu. Ndiye Loweruka m'mawa anatumiza uthenga, ndipo ndiulemba monga momwe anaunenera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo:

"Ana anga, ndati ndikupatseni moni. Kuno kuli bwino kwambiri, ndikukhala ngati bwana. Mwendo wakumanzerewu ndiwo wayamba mwano, ndikautuma ukungondiyang'ana. Mbaula nayo ndaipatsa tchuthi, yagwira ntchito zaka zambiri. Alendo ndiye osanena, akangaude sakundisiya ndekha. Musavutike kubwera. Ndikudziwa kuti masiku ano Chelstone ili kutali kuposa Joni."

Mwaumva? Werenganinso. Inu mukanayankha chiyani?

Ndikuuzeni zomwe abale anga anayankha. Mkulu wanga Lackson wa ku Kabulonga anatumiza tinkhope tija toseka mpaka misozi, n'kulemba m'Chingerezi kuti amalume anataya mwayi, akanakhala wa nthabwala pa wailesi. Mlongo wathu wa ku Woodlands anatumiza manja opemphera ndi Ameni. Ena anakweza chala. Kenako wina anaponya chithunzi cha mwana wake atavala yunifomu, gulu lonse n'kuthamangira kumeneko.

Ine m'mawa wonse ndinali ku shopu yanga ya masipeya ku tauni. Uthengawo ndinaumvera masana nditafika kunyumba ku Kabwata, ndikuvula nsapato pakhonde. Ndipo khutu langa linatola mawu omaliza okha, a Joni aja. Magazi anakwera. Ine amene ndinakawakonzera geti mvula isanayambe, lero ndiponyeredwe mawu pagulu pamodzi ndi anthu omwe sadziwa ngakhale basi yopita ku Chelstone? Ndinakanikiza foni kuti ndijambule yankho langa, ndipo silikanakhala la mavesi.

Tika anali pamphasa pakhonde pomwepo, mabuku ali mbwee, akukonzekera mayeso a Chinyanja. Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse.

"Adadi, musayankhe. Bwezelani futi nimvele."

Ndinamuuza kuti nkhani za akulu sizimukhudza. Iye osasuntha. Mwanayu anatengera liuma la amake. Ndinabwereza uthenga uja kungoti andisiye.

Ndiyambe ndakuuzani za phunziro lakeli. Pamene Tika anasankha Chinyanja kusukulu, Lackson anamuseka pamaso panga, pa phwando la ubatizo. Anamufunsa ngati Chinyanja amalipirira nacho lendi. Iye amanyadira kuti ana ake sadziwa chilankhulo cha kumudzi, amachinena ngati munthu wonena kuti m'nyumba mwake mulibe nsikidzi. Tsiku limenelo tinasiyana titakwezerana mawu, akazi athu akutikoka malaya. Ndinamuikira kumbuyo mwana wanga chifukwa ndi mwana wanga. Koma kunena zoona, mawu amene ankaloweza pakhondepo, voko, msemphano, umunthu, ine ndinkawaona ngati katundu wa mayeso chabe, wosenza mpaka pakhomo la holo n'kumutula.

Uthenga utatha, Tika anakhala tsonga. Anandifunsa ngati ndinaonapo mwendo wamwano, kapena mbaula yopita pa tchuthi. Anati munthu akatenga chinthu chopanda moyo n'kuchipatsa khalidwe la munthu, m'kalasi amachitcha umunthu. Ndinamuuza kuti zimenezo akauze aphunzitsi ake Lolemba.

"Ndiye vamene aphunzitsi amakana, Adadi. Amakamba ati kutchula dzina ni hafu chabe. Funso ni yakuti, uyu munthu abisa chani kumbuyo kwake?"

Ndiye anayamba kumasula, chimodzichimodzi, ngati mayi wosenda nyemba. Mwendo wokana kutumidwa ndi mwendo wosayenda. Mbaula ya pa tchuthi ndi mbaula yosakolezedwa moto, ndipo ndi magetsi athuwa, nkhalamba yosakoleza mbaula ndi nkhalamba yosadya. Kangaude samanga pomwe anthu akudutsadutsa. Za Joni zija anati ndi voko, kukuza chinthu mwadala mpaka chipose msinkhu wake kuti womva adzidzimuke. Ndipo mawu oyamba ndi otsiriza, akuti kuli bwino kwambiri, akuti musavutike kubwera, anati ndi msemphano: pakamwa pakuloza kum'mawa, mtima ukuloza kumadzulo.

"Agogo sakuseka, Adadi. Akuitana."

Abale anga owerenga, sindinachedwe. Ndinaimba foni ya amalume, yozima. Ndinaimbira Lackson, poti ndiye ali ndi galimoto. Anandiyankha mwaulesi kuti ndisamakuze zinthu, amalume amalankhula choncho kuyambira kale, ndipo ngati akudwala anene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Taonani munthu! Mwambi akuudziwa pofuna kuthawa udindo, koma mwambi wa munthu wamoyo womwe uli m'foni mwake sakuumva. Apa m'pamene foni inatsala pang'ono kukumana ndi khoma. Tika anangoilanda m'manja mwanga n'kundipatsa nsapato.

Tinakwera basi ya ku tauni, n'kukasintha ya ku Chelstone. Kondakitala ali pakhomo kukuwa kuti watsala mmodzi chabe tiyende, chonsecho m'kati muli mipando yosawerengeka yopanda anthu. Ndinafunsa Tika, mwina pofuna kuziziritsa mtima, ngati limenelonso ndi voko. Anaganiza pang'ono n'kupukusa mutu. Anati voko ndi bodza lomwe wonena ndi womva onse akudziwa kuti ndi bodza, ndipo amalinena kuti choonadi chimveke. Koma la kondakitala amalinena kuti choonadi chibisike, ndiye ndi bodza basi, lopanda dzina lina.

Ndakhala zaka zambiri ndikumvera anthu a ndale pa misonkhano, ndipo palibe anandipatsapo muyeso wabwino ngati umenewo. Ndinaupeza mu basi, kwa mwana amene ndinkamusintha matewera.

Ku Chelstone tinapeza geti lokhoma ndi m'kati. Tinagogoda, zii. Wailesi yomwe imamveka kuyambira pa ngodya, zii. Mayi wa nyumba yoyandikana anatuluka n'kutiuza kuti anawafunsapo kudzera pampanda, iwo n'kuyankha pawindo kuti akupuma ngati bwana, ndiye anawasiya apume. Sindikumudzudzula. Mipanda yathu ya mu Lusaka tinaimangira akuba, koma yomwe imatsekera kunja kwenikweni ndi anansi.

Ndinakwera mpanda ndi mimba yangayi. Musafunse kuti ndinatsika bwanji. Ndinatsegula geti, Tika n'kulowa.

Pabwalo panali mapeyala akugwa okha, ena oola. Limodzi linali lophwanyika ndi chidendene, ndipo mzere wa poterereka unkaonekabe pa simenti. Mbaula inali pakona, phulusa lake lozizira. Ndowa ya madzi youma, poti mpopi uli kuseri kwa nyumba. Amalume tinawapeza pampando wawo pabalaza, atavala jekete, tsitsi lopesa bwinobwino, mwendo uli pa kampando, utatupa kuyambira pa kakolo mpaka nsapato kukana. Patebulo panali kapu ndi kapepala kopanda kanthu komwe munali mabanzi.

Inu mukundidziwa. Sindinapereke moni. Ndinayamba ndi kukalipa: munthu wamkulu ngati inu, foni muli nayo, pakamwa muli napo, bwanji osanena kuti mwagwa?



"Ndinanena," anatero. "Moyo wanga wonse ndamasulira anthu osawadziwa. Ndimayesa mwa ana anga onsewa mupezeka mmodzi womasulira ine."

Mawu amenewo akanayenera kunditseka pakamwa. Koma mtima wapafupi suona zikwangwani. Ndinawauza kuti basi, tikuwanyamula, kuchipatala kenako ku Kabwata, nyumba ino titseka. Apo ndiye ndinaponda mchira wa njoka. Anandifunsa kuti wandiuza ndani kuti akudwala. Anati iwo si thumba la makala loti munthu angolikweza pa wilibala, ndipo ngati ndabwera kudzawalamula m'nyumba mwawo, mpanda womwe ndalowera ukadalipo. Ine kukweza mawu, iwo kuumitsa khosi. Ine kuloza mwendo, iwo kuyang'ana kudenga. Ndinaona ndithu kuti dzuwa lilowa nkhalambayi ili pampando pomwepo, ndi mwendo wake, ndi njala yake, ndi ulemu wake.

Tika anali atapita kuseri kukatunga madzi. Analowa, nagwada pafupi ndi mpando, napereka kapu ndi manja awiri. Chinyanja chake cha mu tauni chija anachisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Anapereka moni wonse, kufunsa za m'nyumba, za ku Kitwe, za mapeyala. Kenako anati:

"Agogo, ine ndabwera ndi dandaulo. Mayeso ayandikira, ndipo ndiwo zanga zilibe nsinjiro. Kunyumba kulibe wonditendera. Adadi mukuwadziwa, iwo amangothira tsabola."

Ndinafuna kuyankha, koma ndinaona pakamwa pa amalume pakugwedera ngati akubisa kuseka.

"Ndiye ndimati mukakhale nafe masiku angapo mundithandize. Mwendo wamwanowu tipita nawo, tikadzere kwa anthu odziwa kulanga miyendo. Mbaula isiyeni imalize tchuthi chake, yatopadi."

Amalume anamwa madzi onse, pang'onopang'ono, n'kuika kapu pansi. Anati ngati ndi nkhani ya sukulu ya mdzukulu wawo, iwo sangakane, ulesi wotero alibe. Koma za mwendo tikambirane nawo tokha, iwo anasiya kuulankhula. Ndipo anatumiza Tika kuchipinda kukatenga chipewa chawo ndi wailesi.

Ndinatuluka kukafuna takisi. Ndinaima kaye pansi pa mtengo wa mapeyala uja, chifukwa m'maso munalowa kanthu.

Kuchipatala anapeza kuti fupa linang'aluka pamwamba pa kakolo. Anawaika chikhakha, ndipo anatiuza mosapsatira kuti munthu wa msinkhu wawo, wosadya bwino, wosamwa madzi okwanira, sakanapirira nthawi yaitali. Akuti mawu a akulu amakoma akagonera. Ena sagonera, abale. Ena ukawasiya agone, umakawamvetsa pa maliro.

Tsopano ndilankhule nanu, makolo anzanga a mu Lusaka.

Kodi tinayamba liti kunyadira ugonthi? Ndimakumvani m'mabasi, m'matchalitchi, m'maphwando: wanga samva Chinyanja, wanga Chibemba amangodziwa kamoni kaja ka shani basi. Mumanena mukumwetulira. Chingerezi n'chabwino, ine ndemwe ndimachifuna pa shopu, ndipo Tika amachikhoza kuposa ana ambiri a m'mipanda yamagetsi. Koma ndani anakunamizani kuti mutu wa mwana ndi kachipinda ka lendi, kolowa chilankhulo chimodzi?

Ndipo nkhani si ya mawu okha. Lackson Chinyanja amachimva, anakulira nacho nyumba imodzi ndi ine. Liwu lililonse la uthenga uja analimva. Chomwe chinagontha ndi khutu lachiwiri, lija lomva zomwe munthu sananene. Khutu limenelo limafa ukasiya kuligwiritsa ntchito, ndipo langa lomwe linali litayamba kuwola, ndisanamepo.

Anthu athu salankhula chindunji pa zinthu zolemera. Sitinena kuti wafa, timati watisiya. Sitinena kuti ali ndi mimba pamaso pa apongozi, timati ndi wodwala, kapena ali ndi pakati. Wokafunsira mbeta sanena kuti ndikufuna mwana wanu, amayamba ndi nkhani ya kupempha moto. Mukuganiza kuti makolo athu ankazungulira chonchi chifukwa chosowa chochita? Ankadziwa kuti mawu ena ndi akuthwa, ukawapereka opanda chigwiriro amacheka wolandira ndi wopereka yemwe. Nkhalamba yomwe inakulera singakuuze kuti ndili ndi njala. Ikatero yavula pamaso pako. Ndiye imakuponyera mbaula ya pa tchuthi, kuti iwe utole, ubwere, ndipo nonse awiri mukhale ngati palibe amene wapempha.

Iwe n'kutumiza kankhope koseka.

Ndi inunso ana a sukulu, bwerani pafupi, poti nkhaniyi kwenikweni ndi yanu. Ndikudziwa mmene mumawerengera phunziro limeneli. Mumaloweza matanthauzo usiku wa mayeso ngati manambala a foni. Chifanifani ndi kufanizira chinthu ndi china. Voko ndi kukokomeza. Umunthu ndi kupatsa chinthu khalidwe la munthu. Msemphano ndi kunena china ukutanthauza chosemphana nacho. Mwakhoza, landirani mamalikisi anu. Nanga mukatuluka m'holo?

Zinthuzi sizikhala m'buku. M'buku muli maina ake chabe, ngati mndandanda wa ana m'kaundula. Anawo ali panja akusewera. Amayi ako akakuuza kuti ndakuitana kachikwi, ndi voko limenelo, ndipo ukayamba kuwerenga kuti anakuitana kangati, mbama ikupeza. Ukafika kunyumba dzuwa litalowa iwo n'kukuuza kuti wachita bwino, bwana, ubwerenso mawa nthawi yomweyi, usathokoze, ndi msemphano. Mayi wa pamsika wa Kabwata akati tomato wanga akukuitanani, wapatsa tomato pakamwa, ndi umunthu. Mnzako akati mayeso a masamu anali ngati kukwera basi ya ku Chelstone pa mvula, wafanizira poyera, mawu akuti ngati ali pomwepo. Koma akangoti mphunzitsi uja ndi mkango, wachotsa ngati, watsala ndi mkango wokhawokha, ndipo chifanifani chotero chimaluma kwambiri.

Mabuku ena amatchula zinthuzi ndi maina osiyana pang'ono, ndipo aphunzitsi amakangana okhaokha za maina. Asiyeni akangane. Dzina lomwe ine landikomera ndi lija lozikuta zonse pamodzi: nsinjiro za chiyankhulo. Amene analipeka ankadziwa kukhitchini. Chibwabwa, masamba a maungu aja, chopanda nsinjiro chimadyeka, inde, sufa nacho. Koma palibe amene amanyambita zala. Ndipo Loweruka ndinaphunzira china chomwe dzinalo silinena: nthawi zina nsinjiro si zokometsera chabe. Nthawi zina chakudya chenicheni chili m'nsinjiromo, masamba ndi ongonyamulira.

Wina anena kuti zonsezi n'zachikale, dziko la lero likufuna kulankhula molunjika, nthawi ndi yochepa. Ine ndine woyamba kulankhula molunjika, funsani aliyense pa msewu wathu. Ndipo kulunjika kwangako kunandifikitsa pati Loweruka? Kunatsala pang'ono kusiya amalume pampando. Ndinali ndi choonadi chonse m'manja, mwendo wotupa uli poyera, koma ndinalibe chigwiriro. Mwana wa zaka zosakwana makumi awiri anatenga choonadi chomwecho, nachikulunga, nkhalamba n'kuchimeza yokha mosakakamizidwa. Sananame ngakhale liwu limodzi. Mayeso alikodi, ndipo ine ndimathiradi tsabola.

Kumva ndi mbali imodzi. Kuyankha m'chilankhulo chomwe munthu wakulankhulira ndi mbali ina, ndipo imeneyi ndiyo sukulu yeniyeni. Kwa mphunzitsi amene anauza ana aja kuti kutchula dzina ndi hafu chabe: sindikukudziwani nkhope, koma chipewa changa ndavula. Mukudziwa inu nokha mmene anzanu a masamu ndi sayansi amakuyang'anirani m'chipinda cha aphunzitsi, ngati phunziro lanu ndi la ana olephera. Muwauze kuti ku Kabwata kuli nkhalamba yomwe ikudya katatu pa tsiku chifukwa cha phunziro lanulo.

Lackson anabwera Lachiwiri madzulo, atanyamula majuwisi ndi zipatso, mwana wake wamwamuna ali pambuyo. Sindinamukalipire. Amake Tika anandilonjezetsa, ndipo ndinaluma lilime mpaka kumva mchere. Lackson anakhala pakhonde, nayang'ana chikhakha. Amalume anamulandira bwino, n'kumufunsa ngati msewu wa ku Joni uli bwino masiku ano. Ulendo uno sanaseke. Mnyamata wake anamukoka malaya kufunsa m'Chingerezi kuti agogo akuti chiyani. Mkulu wanga anamuuza kuti akafunse Tika.

Akafunse Tika. Yemwe uja wa Chinyanja chosalipira lendi.

Panopa pakhonde panga pasanduka kalasi. Amalume ali pampando, mwendo uli pa ndowa yovundikira, Tika ali pamphasa, ndipo anzake awiri a m'kalasi ayamba kubwera. Nkhalamba ija imawaponyera mawu, iwo kumasula. Akalakwa imawauza kuti mwakhoza kwambiri, boma likupatseni mendulo, ndipo onse amagwa ndi phwete chifukwa tsopano akudziwa. Amadya bwino. Amake Tika akawapatsa chakudya amati n'chochuluka ngati cha pa ukwati, kenako mbale imabwerera yoyera.

Dzulo kunabwera a mpingo kudzawaona. Ine ndinali m'nyumba kulimbana ndi munthu pa foni za katundu wochedwa, ndipo mwina mawu anakwera pang'ono. Nditatuluka ndinamva amalume akuuza alendo aja kuti mwa ana onse a mlongo wawo, uyu ndiye wofatsa, nkhunda yeniyeni, sungamve n'komwe kuti m'nyumba muli munthu.

Alendo anagwedeza mitu mwaulemu. Tika sanadzutse n'komwe mutu pa buku lake.

"Msemphano, Agogo."

"Wakhoza," anatero amalume, ndipo ulendo uno ankatanthauza zomwezo.

Ndinaima pakhomo ndili chilili. Munthu wina akanandinena choncho pamaso pa alendo, bwenzi danga lino lero lili ndi nkhani ina. Koma ndinapezeka ndikuseka, chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Ameneyo ndi mwana wanga. Tinamutcha Tikambenji pa nthawi yomwe tinalibe chonena. Lero ndiye amatiuza zomwe anthu akunena.

Tsopano tulutsani foni yanu. Pitani pa gulu la banja lija, mudutse mavesi, mudutse makeke, mufike pa uthenga wa nkhalamba ija munaiyankha ndi kankhope koseka. Umvereninso, pang'onopang'ono, ndipo ngati pali mwana wa sukulu pafupi, muitaneni akhale nanu.

Mbaula ya kwanu, mukutsimikiza kuti ikuyaka?